Fungo la chamba chathu likupita ndi mphepo

Tsiku lina ndikuchokera ku Dwangwa pa minibasi, titangodutsa pa boma la Nkhotakota, m'galimoto monse mudayamba kumveka kafungo kachilendo. Dzuwa lidali likuswa mtengo, mawindo awiri osatseguka, ndiye fungo lija lidangokhazikika osafuna kuchoka. Palibe adayankhula. Aliyense adangoyang'ana kutsogolo ngati tili pa mapemphero. Kenaka mayi wina wachikulire amene adali pambali panga, dengu la usipa lili pamiyendo, adatembenuka n'kuuza mnyamata wa kumpando wa kumbuyo kuti, "Iwe mwanawe, katundu wakoyo akudziulula yekha. Kutsogoloku kuli rodibuloko." Mnyamata uja adatsika pa siteji yotsatira, chikwama kumsana, osafunsa n'chenji chomwe.

Tidaseka mpaka ku Salima. Koma ine nditafika kunyumba ndidakhala pansi n'kumalingalira. Fungo limene lidaulula mnyamata uja, limene apolisi amalimva chikwama chisanatsegulidwe n'komwe, anzathu a ku America ndi ku Ulaya amalitchera msampha, n'kulitsekera m'timabotolo tonga ta mankhwala a m'maso, n'kumagulitsa. Ife kuno timalisiya kuti liuluke. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu ukunena za ife ndi mbewu imene dziko lonse limaitchula ndi dzina lathu, Malawi Gold.

Ndinene poyera ndisanapite patali. Sindikulemba kuti ndikope munthu ayambe kusuta. Kusuta chamba ndi mlandu mpaka lero, kupezeka nacho wopanda chilolezo kumakagonetsa munthu ku Maula kapena ku Chichiri, ndipo tonsefe tikudziwako mnyamata wina kwathu amene mutu wake udasokonekera nacho. Nkhani yanga ndi ya malonda ovomerezeka, aja Nyumba ya Malamulo idatsegulira khomo mu February 2020 povomereza Cannabis Regulation Act, lamulo lolola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority. Mu 2021 amene adali Pulezidenti pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adanena kuti fodya akulowa pansi ndipo tiyambe kuyang'ana mbewu zina kuphatikizapo chamba. Mu 2024 aphungu adavomerezanso kuti mtundu wathu wakuno uzilimidwa mwa chilolezo. Zonsezi n'zabwino. Funso langa ndi ili: kodi tikalima, tidzagulitsa chiyani?

Fungolo n'chiyani kwenikweni?

Ambiri timaganiza kuti chimene chimanunkha mu chamba ndi chomwecho chimene chimaledzeretsa. Ayi. Choledzeretsa ndi THC, chija a Raphael Mechoulam ndi a Yechiel Gaoni adachipatula ku Israel mu 1964. THC payokha ilibe fungo lomveka, chimodzimodzinso mnzake CBD amene amapangira mankhwala. Fungo limachokera makamaka ku timafuta touluka msanga totchedwa ma terpene. Timafuta timeneti timakhala pamodzi ndi THC ndi CBD m'timatumba tating'onoting'ono tonga mame timene timamata pa maluwa a chamba chachikazi. Ukagwira duwalo zala n'kumamata, ndiye kuti waphulitsa timatumba timeneti.

Musaope dzinalo, ma terpene mumawadziwa kale. Mukasenda nachesi wa ku Mwanza, timadzi tija timakuthonyerani m'maso n'kumathethetsa, ameneyo ndi limonene. Mukadutsa ku Chikangawa n'kumva fungo la paini, ameneyo ndi pinene. Mu mango wakupsa muli myrcene. Mu tsabola wakuda muli caryophyllene. Mu Vicks amene mumapaka mwana pachifuwa muli mafuta a bulugamu ndi ena a banja lomweli. Ngakhale kafungo ka mowa wa m'botolo kamachokera ku hops, mbewu ya banja limodzi ndi chamba, ndipo zonse ziwiri zili ndi myrcene ndi humulene. Dzina loti terpene lidachokera ku tepentaini, mafuta a paini aja amasungunulira penti. M'Jeremani wina, Otto Wallach, adalandira mphotho ya Nobel mu 1910 kamba kofufuza timafuta timeneti.

Mu chamba akatswiri apezamo ma terpene opitirira 100. Mtundu uliwonse uli ndi kasakanizidwe kakekake, malinga ndi mbewu, dothi, nyengo ndi kaumitsidwe. Apa ndiye pagona nkhani. THC ya ku Nkhotakota ndi THC ya ku Canada n'chimodzimodzi, monga mchere uli mchere basi. Chimene chingasiyanitse katundu wathu ndi wa eni ake pamsika ndi fungo.

Chimene chimathawa poumitsa

Vuto la timafuta timeneti ndi loti sitikhalitsa. Ma terpene ali m'magulu awiri akuluakulu. Opepuka, monga pinene, myrcene ndi limonene, amawira pa madigiri pakati pa 155 ndi 180. Olemerako, monga caryophyllene, amawira pa madigiri oposa 250. Mwina wina anena kuti nanga kuno kutentha kumafika 155 ngati? Kumbukirani kuti chovala chimauma pachingwe madzi ake asanawire. Petulo akakhala m'chigubu chosatseka amatha yekha. Ma terpene opepuka amatero kumene. Nthawi iliyonse imene mphuno yanu ikumva fungo, ndiye kuti katundu akuchoka.

Mu 1996 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Mississippi ku America, a Ross ndi a ElSohly, adayeza mafuta onunkhira a maluwa a chamba ongothyola kumene, n'kuyezanso atauma. Adapeza kuti pakutha pa sabata imodzi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lidali litapita, ndipo pakutha pa miyezi 3 kudali kutatha kupitirira theka. Oyamba kuthawa adali opepuka aja, amene amapereka kafungo kokoma ka zipatso ndi paini. Ndipo musaganize kuti mafutawo ngambiri poyamba pomwe. Maluwa aawisi olemera makilogalamu 100 sangadzaze n'komwe botolo limodzi la Fanta. Tsono taganizani mbewu yoyanikidwa padzuwa la October, kenaka kuponyedwa m'thumba la feteleza, n'kukhala m'shedi ya malata miyezi ingapo kudikira wogula. Pofika pa sikelo, chatsala ndi udzu.

Makolo athu ankadziwa zimenezi ngakhale sankatchula ma terpene. Malawi Gold adatchuka kunja kamba ka kasungidwe kake: ankakulunga maluwa m'makungwa kapena m'masamba a nthochi, n'kumanga ndi luzi mothinitsa zedi mpaka kuoneka ngati chitsononkho cha chimanga, n'kuika pamthunzi kuti afutike pang'onopang'ono. Kumangako kunkachotsa mpweya, kukulungako kunkatchinga dzuwa. Nzeru yake ndi yomweyo imene ma labotale akugwiritsa ntchito lero, kungoti iwo ali ndi magalasi ndi mapampu.

Njira yoyamba: ya mayi wotcheza kachasu

Njira yakale kwambiri yopatulira mafuta onunkhira ndi ya nthunzi. Anthu a ku Persia ankatcheza madzi a maluwa a rozi zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ine nditaona zipangizo zake koyamba m'labotale, masiku aja ndisanasiyire sukulu panjira, ndidaseka ndekha, chifukwa zidali zomwe azakhali anga ankagwiritsa ntchito kuseri kwa nyumba: mbiya pamoto, paipi yodutsa m'madzi ozizira, botolo kumapeto.

Kusiyana kwake n'koti apa simutcheza mowa. Madzi amawira pansi, maluwa amakhala pamwamba pa sefa, nthunzi n'kumadutsa m'maluwamo. Nthunziyo imanyamula ma terpene, ikafika m'paipi yozizira zonse zimasanduka madzi n'kudonthera m'botolo. Poti mafuta ndi madzi sizigwirizana, mafutawo amayandama pamwamba ndipo amawayengula. Chodabwitsa n'choti mafuta amene paokha amafuna madigiri 170 kapena 250 kuti awire, akakhala ndi nthunzi amakwera pa kutentha kosafika n'komwe 100. THC ndi CBD n'zolemera, pafupifupi zonse zimatsalira m'maluwamo, kotero kuti zikhoza kutengedwa pambuyo pake ndi njira ina.

Ubwino wa njirayi ndi kutchipa. Mmisiri wodziwa kuwotcherera zitsulo zosachita dzimbiri akhoza kupanga chotchezera chotere ku Ndirande kapena ku Mchesi. Kuipa kwake n'koti kutentha ndi madzi zimasintha ena mwa ma terpene, ena amasungunukira m'madzi otsala aja, ndipo fungo lotuluka limasiyanako ndi la duwa lamoyo, monga nkhwani wophika amasiyanira ndi wa m'munda. Ofufuza a ku Switzerland mu 1997 adapeza kuti chamba cha m'mafakitale chimapereka pafupifupi malita 10 a mafuta otere pa hekitala. Ndiye amene akulota zodzaza madiramu adzuke.

Njira yachiwiri: ya pa Sapitwa

Amene adakwerako phiri la Mulanje akudziwa kuti kumwambako nyemba sizipsa msanga. Chifukwa chake n'choti mpweya ngochepa, ndiye madzi amawira asanatenthe kwenikweni. Pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amawira cha pa madigiri 90. Tsono anzathuwo adati, bwanji tipange phiri lalitali kuposa Sapitwa m'kati mwa botolo? Amatseka maluwa kapena utomoni wa chamba m'chiwiya cholimba, n'kupopa mpweya wonse ndi pampu. Mpweya ukachoka, ma terpene amayamba kukwera pa kutentha kwa madzi osamba chabe, osapserera. Kutsogolo kwake amaikako msampha wozizira koopsa, nthawi zina wozizitsidwa ndi carbon dioxide wouma amene amafika madigiri 78 pansi pa ziro. Nthunzi ya fungo ija ikagunda pozizirapo imagwa n'kukhala mafuta.

Njira yomweyi ikhoza kupatulanso ma terpene okhaokha, wina apa wina apo. Mayi wa kachasu amadziwa kuti botolo loyamba, la mutu, silifanana ndi lomaliza. Nawonso amakweza kutentha pang'onopang'ono n'kumasintha botolo: opepuka amabwera koyamba, olemera pambuyo. Koma pamafunika kudekha kwa woona maso a nkhono, pakuti myrcene amawira pa 167 pamene limonene pa 176, kusiyana kwa madigiri 9 okha. Ukapupuluma zonse zimatulukira pamodzi.

Njira yachitatu: mpweya wa mu Fanta

Mpweya uja umathetheka mukatsegula chakumwa, carbon dioxide, uli ndi khalidwe lachilendo. Ukaupanikiza kupitirira maulendo 70 kuposa mpweya umene tikupumawu, pa kutentha kongopitirira madigiri 31, umakhala pakati, osati madzi osatinso mpweya, ndipo umasungunula mafuta ngati mmene petulo amasungunulira girisi. Njira imeneyi ndi imodzi mwa zimene amachotsera kafeini mu khofi, ndiponso ndi imene makampani a mowa amayengera hops. Pa chamba amayamba ndi mphamvu yochepa ndi kutentha kochepa kuti atenge ma terpene okha, n'kuwaika padera, kenaka n'kukweza mphamvu kuti atenge CBD kapena THC. Akamasula, mpweya uja umangouluka osasiya kanthu m'mafutamo.

Katundu wake amakhala woyera bwino, koma makinawo ngodula kwambiri, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo akaonongeka sipeya wake simungamupeze mu Limbe. Kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mlimi mmodzi sangathe. Mutu umodzi susenza denga, apa mpofunika makopaletivi enieni, osati a papepala.

Njira ziwiri zoyenera kusamala nazo

Makampani ambiri amayenga chamba ndi ethanol, mowa weniweni wa mtundu uja timapanga kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amatenga zonse, CBD, THC ndi fungo lomwe. Koma pomaliza uyenera kumuchotsa pomuwiritsa, ndipo akamachoka amatenga ma terpene opepuka n'kupita nawo. Kenaka utomoni wotsalawo amautenthetsanso kupitirira madigiri 100 kuti CBD kapena THC ikhwime, ndiye kafungo kotsala kaja kamathera pomwepo. Mapeto ake ndi mafuta okhuthala ngati uchi, amphamvu koma osanunkhira kanthu. N'chifukwa chake anzeru amayamba apatula fungo, kulisunga pambali, n'kudzalibwezeramo pang'ono kumapeto. Lamulo lake ndi lomwelo la kukhitchini: tomato ndi anyezi wa pamwamba sathira pamodzi ndi nyemba zouma.

Njira ina idatchuka ku Colorado cha m'ma 2013. Maluwa akangodulidwa amawaika mufiriji yozizira kwambiri osawaumitsa n'komwe, kenaka n'kuwayenga akadali oundana pogwiritsa ntchito gasi wa butane. Fungo limatuluka pafupifupi ngati la m'munda. Koma apa ndichenjeze ndi mawu akulu. Butane ndi gasi wa m'malaita, ngolemera kuposa mpweya, amayenda pansi mwakachetechete mpaka atapeza mbaula kapena switchi. Ku America nyumba zambiri zidaphulika ndipo anthu adapsa ndi kufa poyesera zimenezi m'makhitchini. Imeneyi ndi ntchito ya fakitale yokhala ndi makina otseka ndi chilolezo. Safunsa adadya phula.

Kugwira n'kwina, kusunga n'kwina

Tinene kuti mwapatula, botolo lanu lili m'manja. Nkhondo siinathe. Adani a ma terpene alipo anayi: kutentha, kuwala, mpweya ndi nthawi. Mpweya ndiye woipitsitsa. Limonene akakhalitsa ndi mpweya amasintha, fungo la nachesi lija limasanduka ngati la penti yakale, ndipo zotulukapo zake zimayabwitsa khungu. Pinene naye amatero.

Kotero kasungidwe kake nkotere. Choyamba, kuchotsa timadzi tonse totsalira, ndipo ma labotale amathiramo mchere wina wotchedwa sodium sulphate umene umamwa madziwo, n'kusefa. Chachiwiri, botolo likhale la galasi lofiirira ngati la mankhwala a chifuwa, kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Pulasitiki wamba ayi, pakuti limonene amadya mapulasitiki ena. Yesani kufinyira khungu la lalanje pa kabokosi koyera kaja amaikamo tchipisi, muona pakuyamba kunyenyeka. Chachitatu, botolo lidzaze mpaka pakhosi kuti mpweya usowe malo, ndipo amene ali ndi zipangizo amathamangitsa mpweya wotsalawo ndi nitrogen asanatseke. Chachinayi, likhale mufiriji, mumdima, ndipo politulutsa lidikire lifunde kaye lisanatsegulidwe, kuopa kuti mame angalowemo. Chachisanu, mabotolo aang'ono ambiri amaposa limodzi lalikulu lotsegulatsegula. Pa lililonse palembedwe tsiku, munda ndi mtundu wa mbewu.

Mwamva mawu oti firiji akubwerezedwa. Apa ndi pamene ife timagwera. Mu January 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kudatipweteka kupitirira chaka. Wogulitsa nsomba ndi wogulitsa mafirizesi akukumbukira. Amene akufuna kulowa malonda a fungo awerengere sola ndi mabatire tsiku loyamba lomwe, osati ngati zoonjezera. Madzi akatayika saoleka, fungo ndiye kuposa apo.

Chikomekome cha mkuyu

Tsopano ndithireko madzi ozizira, poti pa nkhani ya chamba Amalawi tapusitsidwa kokwanira. Tidamva za alimi amene adasonkha ndalama, kulipira malaisensi a madola zikwizikwi, kulima, kukolola, msika osaoneka. Mu 2021 tidafika poitana katswiri wa nkhonya Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu, ngati kuti vuto lathu lidali kusowa kutchuka. Ndiye pa ma terpene pano tisayambenso kuvina ng'oma isanalire.

Choyamba, otsatsa malonda amanena kuti ma terpene amathandizana ndi THC ndi CBD pochiza matenda, kuti uyu amagonetsa tulo, uyu amachotsa nkhawa. Maganizo amenewa adafalitsidwa kwambiri ndi dokotala wa ku America, Ethan Russo, mu 2011. Pali kaumboni kena, mwachitsanzo mu 2008 ofufuza a ku Switzerland adapeza kuti caryophyllene amagwira pa malo ena m'thupi amene mankhwala a chamba amagwiraponso. Koma kafukufuku wina wa ku Australia ndi New Zealand mu 2019 ndi 2020 adayesa ma terpene odziwika angapo ndipo sadapeze kuti amasintha kagwiridwe ntchito ka THC pa malo amenewo. Akatswiri akadatsutsanabe. Wina akadzabwera pamsika ndi kabotolo n'kumati kakuchiza shuga, BP ndi kusabereka, mudzagwire chikwama chanu.

Chachiwiri, si fungo lonse la chamba limene lili terpene. Mu 2021 ofufuza a ku California adaonetsa kuti kununkha kwamphamvu kuja konga kwa kanyimbi kumachokera ku timankhwala tina ta sulphur, tochepetsetsa komanso tothawa msanga kuposa ma terpene. Kutsekera fungo lonse la duwa m'botolo sikophweka monga amanenera.

Chachitatu, chachilengedwe sichitanthauza chosapweteka. Mafuta amenewa akakhala okhaokha amaotcha khungu ndipo amayaka moto. Akatenthedwa kwambiri amatulutsa utsi wa poizoni. Ndipo msika wopanda woyang'anira umapha. Mu 2019 ku America anthu adayamba kudwala mapapo atakoka mafuta a chamba a m'timabotolo ta vape togulidwa mwamseri. Pofika February 2020 ogonekedwa m'chipatala adali 2,807, omwalira 68. Chidapezeka n'choti ogulitsa ena ankasakanizamo vitamin E acetate kuti mafuta achuluke, monga amachitira ena pothira palafini mu dizilo.

Chachinayi, ndipo amalonda mumvetsere apa. Limonene wa mu chamba ndi limonene wa m'makoko a malalanje ndi chinthu chimodzi. Mafakitale a juwisi ku Brazil ndi ku Florida amamutulutsa wambirimbiri, motchipa, mpaka ena amatsukira pansi. Makampani amagula limonene wa malalanje, pinene wa paini, caryophyllene wa zokometsera ndiwo, n'kusakaniza, n'kumata dzina la mtundu wa chamba umene afuna. Pa mtengo sitingapikisane nawo. Chimene wogula angalipirire ndalama zambiri ndi chitsimikizo choti mafuta awa adachokeradi ku mbewu iyi, ya dera ili.

Dzina ndi lathu, umboni uli kuti?

Apa ndiye pali pakati pa nkhani yanga. Lero lino makampani a mbewu ku Holland ndi ku Spain akugulitsa njere za chamba zolembedwa kuti Malawi. Mawa wina akhoza kusakaniza mafuta a malalanje ndi paini, n'kulemba pabotolo kuti Malawi Gold. Kodi tidzamutsutsa ndi chiyani? Ndi mphuno?

Chida chotsutsira chilipo, ndipo si chatsopano. Chimatchedwa gas chromatograph, chidayambitsidwa ndi Angerezi awiri, Archer Martin ndi Anthony James, mu 1952. Mumabaya kadontho ka mafuta, makinawo amawasandutsa nthunzi n'kuithamangitsa m'kapaipi kakatali kopyapyala ngati ulusi. Opepuka amafika msanga, olemera mochedwa, ndipo pamapeto pamatuluka chithunzi cha timapiri, phiri lililonse terpene wake ndi kuchuluka kwake. Chithunzi chimenechi chili ngati chidindo cha chala. Ophunzira athu a chemistry ndi zaulimi ku Zomba, ku Bunda, ku MUBAS ndi ku MUST akadayenda ndi chilolezo m'madera a Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba, kutenga zitsanzo nyengo zingapo, kuziyeza ndi kulemba zotsatira m'dzina la dziko lino, tikadakhala ndi chonena pabwalo lililonse. Ku Chitedze kudachitikapo kale kafukufuku wa chamba cha m'mafakitale lamulo la 2020 lisanabwere, ndiye poyambira palipo.

Anzathu a ku South Africa adatisonyeza njira ndi tiyi wawo wa rooibos. Mu 2019 adasainirana pangano loti anthu a mitundu ya Khoi ndi San, eni nzeru za mbewuyo, azilandira 1.5 peresenti ya mtengo umene alimi amagulitsira. Mu 2021 mayiko a European Union adavomereza kuti dzina loti rooibos ndi la tiyi wolimidwa m'dera lakwawo lokha. Palinso pangano la mayiko la Nagoya la mu 2010, limene Malawi ali nawo, lonena kuti wotenga mbewu za dziko lina kukapangira phindu agawane ndi eni ake. Koma mapangano amathandiza amene ali ndi mapepala. Wopanda mapepala amangodandaula pa wailesi.

Fodya tamulima zaka zoposa 100. Mlimi amafesa, amaokera, amathyola, amasoka, amadinda mabelo, n'kukagona ku Kanengo kudikira kuti wogula atchule mtengo kapena abweze belo. Amene amasakaniza, kununkhiritsa ndi kumata dzina pa paketi ali kutsidya la nyanja, ndipo ndalama zenizeni zili komweko. Tikatenga chamba n'kuchiyendetsa njira yomweyo, kuyanika, kudinda, kutumiza, tidzakhala tangosintha tsamba, umphawi uli womwewo. Ndipo mwina zidzaipirapo, chifukwa fodya amapirira ulendo pamene fungo la chamba limathera panjira. Kumbukiraninso kuti sitili tokha. Lesotho idayamba kupereka malaisensi mu 2017, Zimbabwe mu 2018. Msika sudikira wochedwa.

Tiyambire pati?

Kwa a boma ndi a Cannabis Regulatory Authority, pempho langa n'loti polemba malamulo musamangowerenga THC. Ikanimo muyezo wa kakololedwe, kaumitsidwe ndi kasungidwe. Thandizani kuti pakhale labotale imene kopaletivi ya alimi ingatumizeko chitsanzo n'kulandira zotsatira pa mtengo wa kwacha, ndipo a Malawi Bureau of Standards akhale nawo pa zokambiranazo. Dzina la Malawi Gold litetezedwe mwalamulo ena asanatilande, ndipo midzi imene idasunga mbewuyi zaka zonse zija anthu ake akuthamangitsidwa ndi apolisi isadzaiwalike pogawana.

Kwa inu amalonda ndi inu ophunzira, amene mulibe madola a laisensi, uthenga wanga ndi wosavuta. Luso limeneli simufunika chamba kuti muliphunzire. Chotchezera cha nthunzi chomwecho chimagwira ntchito pa masamba a bulugamu, pa udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi, pa masamba a paini, ndi pa makoko a manachesi amene nyengo yake ikafika amangoola m'misika ya Mwanza, Blantyre ndi Lilongwe. Pa zimenezi palibe wapolisi adzakufunseni. Opanga sopo, mafuta odzola ndi mankhwala otsukira m'nyumba amafuna mafuta onunkhira, ndipo ambiri amachita kuitanitsa kunja. Amene aphunzire lero kugwira fungo la nachesi osalipsereza, kulichotsa madzi, kulitsekera m'botolo lofiirira n'kulisunga miyezi 6 lisanasinthe, ameneyo ndi amene makampani a laisensi adzamufune mawa. Ndipo ngakhale malonda a chamba atalephereka, iye adzakhala ali ndi ntchito m'manja.

Mnyamata wa m'minibasi uja sindidamuonenso. Ndimangomukumbukira akulowa m'kanjira ka kumudzi, chikwama kumsana, dzuwa likumuotcha. Adapulumuka rodibuloko, inde. Koma ndi kutentha kwa tsiku limene lija, pofika kumene ankapitako gawo labwino la katundu wake lidali litatsalira m'mphuno mwathu, ife amene sitidalipire ngakhale tambala.